Ulendo wa Lines ku Okushoni ya Tiyi

Munda wa tiyi wa Lines Namakhwa unali m'munsi mwa phiri, pamtunda poti kunja kukayera m'mawa umaona madenga a pa Chitakale akung'anima. Sunali munda waukulu. Anamusiyira ndi mayi ake, amene anadzala tiyiyo ndi manja awo atatopa kutchola wa eni ake ku esiteti, kumene makolo awo anafikira pochokera ku Mozambique. Lines anakulira m'mizere imeneyo. Pamsinkhu umene anali tsopano, mwana wake Tiyamike atakwatiwa kale ku Muloza, zala zake zinkadziwa zokha pogwira: masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu kumsana, maso ali kwina, pakamwa pali nyimbo ya kwaya.

Amuna ake, a Elson, anali a mtundu wina. Anagwira ukapitawo ku esiteti mpaka kupuma, ndipo chipumireni bwenzi lawo linali wailesi. Nkhani za tiyi ankazidziwa kuyambira ku Limbe mpaka ku Mombasa. Akakhala pakhonde ndi anzawo ankafotokoza za okushoni, msika umene ogula tiyi amapikisana mitengo, ngati anabadwira momwemo, chonsecho ngakhale chitseko chake anali asanachionepo. Lines sankadandaula nazo. Anali bambo osamwa, osamenya, osamala mbuzi ndi nanazi za kuseri kwa nyumba. Kulankhula kwawoko Lines ankakumva ngati mkokomo wa mtsinje, umene munthu ukauzolowera umausowa ukaphwa.

Chaka chimenecho, mvula itangokhazikika, alimi onse a gulu lawo anaitanidwa ku shedi kumene amayezetsa masamba. Anabwera ndi uthengawo anali Mariyamu Osman, mtsikana wa ku ofesi ya zaulimi pa boma, amene makolo ake ankagulitsa nsalu pa Nkando. Anaima pafupi ndi sikelo, mpango wake wobiriwira utakulunga mutu bwinobwino, n'kulankhula mosathamanga.

"Boma likufuna kukhazikitsa bodi yoyang'anira malonda a tiyi, kuyambira pa sikelo pano mpaka ku okushoni ku Limbe," anatero. "Malamulo ake sanamalizidwe. Akuti asanamalize ayambe amva kwa inu eni masamba. Ndiye gulu lililonse lisankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, akaone mmene tiyi amagulitsidwira, kenako akalankhule pamsonkhano."

A Elson anali atamva kale mphekesera zake, n'chifukwa chake tsikulo anavala jekete ngakhale kunali kotentha. Abambo anasankha poima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Kumbuyo kwa a Elson kunaima anzawo a pakhonde aja basi. Ena onse anakaunjikana kumbuyo kwa Kingstone Muhiwa, bambo wachinyamata amene anafika folomu folo ndipo Chizungu chinkatuluka mosakakamiza.

Kwa amayi kunalibe n'zoima pamzere zomwe. Wina anangotchula kuti "Lines!" ndipo ena onse anavomera ndi m'manja. Mwini dzinalo anali kumbuyo, atakhala pa dengu lake lovundikira, akuchotsa chisoso pachitenje.

"Ine ayi, anthuni," anakana. "Sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Chizungu changa chimathera pa gudumoningi."

A Joice, mayi achikulire a munda woyandikana ndi wake, anamuyankha ali chikhalire. "Sitikukutuma kukaphunzitsa Chizungu. Tikufuna munthu woti akabwerako adzatiuze zimene waonadi, osawonjezera zake. Iwe bodza limakukanika, tinakuona kuyambira uli mwana."

Nkhani inathera pomwepo.

Pobwerera kunyumba a Elson anatsogola, jekete lili pamkono, osatembenuka. Madzulo amenewo wailesi sinalire. Lines anawasiya, podziwa kuti mwamuna amene wagwa pagulu safuna womudzutsa msanga. Koma m'mawa mwake, ali pakati potchola, anamva kutsokomola kumapeto kwa mzere. Anali iwo, manja ali kumbuyo.

"Mayi a Tiyamike, okushoni mukuidziwa?"

"Ndikanaidziwira kuti?"

"Ndiye tcherani khutu. Musakandichititse manyazi kumeneko."

Kuyambira tsikulo sukulu inatsegulidwa m'munda. Lines akutchola, a Elson akutsatira pambuyo, kufotokoza zoti ogula amachokera kutali, zoti mtengo amautchula m'ndalama za ku America, zoti munthu asakande mphuno mwachisawawa kuopa kuti angamuyese wagula. Zina Lines ankaziona kuti n'zongopeka, koma ankavomera zonse, chifukwa mawu a amuna ake anali atabwerera m'malo mwake.

Chimene chinkamuvuta iye chinali china. Tsiku la ulendowo linagwera pa tsiku lawo lotchola.

"Nanga masambawa?" anafunsa. "Mvula iyi tiyi sadikira munthu. Ndikachoka akhwima."

"Nditchola ine."

Lines anaseka mpaka dengu linapendekeka. "Inu, bambo a Tiyamike? Zaka zonse zija munkangoloza ndi ndodo!"

"Woloza ndi ndodo ndiye amadziwa tsamba labwino. Pitani, mudzapeza zonse zili m'malo."

Tsikulo litafika anatsika ndi kabaza mpaka pa Chitakale, kumene anapeza Kingstone atamanga tayi, ndi Mariyamu atagwira kale malo m'minibasi ya msewu wa Midima. Pa Nkando minibasi itaima, mayi ake a Mariyamu, a Hajira, anatulukira pawindo ndi kapepala ka zitumbuwa zotentha, n'kumuuza mwana wawo m'Chiyao kuti agawireko alendowo. Lines anadya chitumbuwa chake pang'onopang'ono, akuyang'ana minda ya nandolo ikudutsa. M'mutu mwake okushoni inali ngati msika wa pa Chitakale tsiku la msika, koma waukulu koposa: matumba a tiyi osanjikizana mpaka kudenga, ogula akupisa manja, kununkhiza, kukangana mitengo mokuwa.

Zimene anakapeza zinamusokoneza. Anawalowetsa m'chipinda chozizira ngati m'mawa wa chiperoni, n'kuwakhazika pamipando ya kumbuyo pamodzi ndi alimi ena a ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay. Kutsogolo kunakhala anthu osachuluka, aliyense ndi mapepala ndi laputopu. Pagome panali bambo wina ndi kanyundo kakang'ono kamtengo, akulankhula Chizungu chothamanga ngati mvula padenga la malata. Wina ankangotukula cholembera, wina kugwedeza mutu pang'ono, kanyundo n'kugogoda, basi zatha, ayamba zina.

Lines anasuzumira uku ndi uku, mpaka pansi pa magome. Kenako anakoka Mariyamu pamkono.

"Mwanawe, nanga tiyiyo ali kuti?"

"Ali kosungira katundu, mayi," Mariyamu ananong'ona. "Ogulawa anawatumizira pang'ono, analawa kale. Lero angobwera kudzapikisana mtengo."

"Ndiye akugula chinthu chimene palibe?"

"Chilipo, koma sichili muno."

Lines anagwira pakamwa kuti kuseka kusatuluke. Anaganiza za a Elson ndi nkhani zawo za pakhonde, ndi mmene adzawafotokozere kuti ku msika wa tiyi kulibe ngakhale tsamba limodzi.

Patapita nthawi Mariyamu anamugunda ndi chigongono. M'Chizungu chothamanga chija munamveka dzina limene Lines ankalidziwa, la fakitale imene imagula masamba a gulu lawo. Anawongoka pampando. Zolembera zinakwera mbali ziwiri, zinakweranso, kanyundo kanagogoda. Bambo wa kanyundoyo anatchulanso dzina lomwelo, zolembera zinakwera, kanagogodanso. Mtima wa Lines unadzaza. M'tiyi ameneyo munali m'mawa wake wonse wa mame, msana wake, nyimbo zake, ndipo anthu ovala bwino ankalimbirana.

Kachitatu dzinalo litatchulidwa, m'chipinda munangoti zii. Bambo wa kanyundo uja anamwaza maso, anatchula mtengo wina, anadikira. Wina anali kuyang'ana foni, wina anatembenuza pepala. Kanyundo sikanagogode. Anapitirira.

"Chachitika n'chiyani?"

"Ameneyo watsala. Palibe wamufuna. Adzamubweretsanso sabata ina, mwina motsitsa."

Lines anamva ngati mwana wake wasamba, wadzola, wavala za Khirisimasi, wafika pabwalo, koma palibe womuyang'ana.

Kuchokera apo anawatengera ku nyumba ina, kumene amalawa tiyi asanapite ku okushoni. Anawalandira mayi wina wovala khoti loyera, dzina lake Estele, wa msinkhu wa Tiyamike, amene anati kwawo ndi ku Luchenza. Pagome lalitali panali makapu oyera ondandalikidwa, iliyonse ndi tiyi wake wopanda shuga, wopanda mkaka, ndipo pambali pake masamba onyowa amene anatsala pomuphika. Estele anatunga ndi supuni, anapsontha mwaphokoso moti mayi wina wa ku Nkhata Bay anadzidzimuka, anazunguliza m'kamwa, kenako n'kulavulira m'chitini chachitali.

"Mayi inu!" Lines analephera kudzigwira. "Tiyi wabwinobwino mukulavula?"

Estele anaseka. "Ndikati ndizimeza, pofika masana mtima ukhala ukuthamanga ngati njinga yamoto. Bwerani mulawe. Pa makapu awa pali imodzi ya ku fakitale yanu. Tiuzeni ndi iti."

Kingstone anayamba, analawa mwaulemu, anakweza maso kudenga ngati akuwerengera, n'kuloza. Lines anapsontha mmene anaonera, tiyi n'kumulowa m'mphuno, anatsokomola mpaka misozi. Atapuma analawa bwino makapu onse, ndipo analoza imene inali yofiirira kwambiri, poganiza kuti wamphamvu choncho sangakhale wa kwina.

"Nonse mwaphonya," anatero Estele. "Abambowa asankha wa ku Nkhata Bay. Inu mayi mwasankha wa ku Thyolo."

Alimi a ku Thyolo anaomba m'manja mokondwa. Lines anaseka nawo kwambiri. Moyo wake wonse anali m'tiyi, koma wake yemwe sanamuzindikire.

Kuseka kutatha anafunsa chimene chinkamudya mumtima. "Nanga uja watsala uja, walakwa chiyani?"

Estele anatenga makapu ena awiri pagome lina n'kuwaika pafupi. "Onsewa ndi a kwanu. Uyu ndi amene amalimbirana, uyu ndi amene watsala. Musalawe, ingoonani masambawa."

A kapu yoyamba anali owala, ofiira bwino ngati dothi la katondo mvula itangogwa. A kapu yachiwiri anali othimbirira, akuda, ndipo Lines atawanunkhiza anamva kafungo ka chinthu chimene chagona m'thumba.

"Awa anapsa asanalowe m'makina," Estele anafotokoza. "Masamba akakhalitsa m'matumba, atapanikizana, amatentha okha. Akatero ngakhale fakitale ichite bwanji, kukoma kwapita."

Lines sanafunikire kuuzidwa kawiri. Kutenthako ankakudziwa ndi dzanja lake. Masiku ambiri ankamaliza kutchola dzuwa lisanafike pamutu, n'kukhala pa shedi kudikira thirakitala ya ku fakitale mpaka mthunzi kutalika. Ukapisa dzanja m'thumba nthawi imeneyo umamva ngati wagwira mwana wa malungo. Thirakitala ikafika, kalaliki ankabweza masamba ofiirawo, alimi n'kukawataya kuseri kwa shedi akung'ung'udza. Koma Lines ankayesa kuti nkhaniyo imathera kuseri kwa shediko. Sankadziwa kuti masamba ena opsa amadutsa, n'kuyenda ulendo wonsewu kudzachita manyazi ku Limbe.

Msonkhano unachitika masana m'holo ya hotela ina, atadya mpunga ndi nkhuku. Kutsogolo kunakhala akuluakulu a ku unduna, a m'maesiteti, a m'mafakitale ndi ogula. Wapampando anali bambo wa imvi wochokera ku Lilongwe, amene anawerenga mitu ya malamulowo m'Chizungu n'kumasulira yekha m'Chichewa: ndani aziloledwa kugula masamba kwa alimi, mtengo wa masamba uzikambidwa bwanji ndipo pazikhala ndani, sikelo aziziyeza ndani, zotsatira za okushoni zizilengezedwa motani kuti mlimi naye azimve.

Kingstone anaimirira, anakonza tayi, n'kulankhula za mtengo. Analankhula bwino ndithu, nthawi yaitali, ndipo alimi anamuombera m'manja. Wa ku Thyolo anawonjezera za feteleza. Wa m'maesiteti anayankha za kukwera kwa mafuta ndi kuzimazima kwa magetsi. Lines ankangomvetsera, akuthokoza mumtima kuti zonse zanenedwa ndipo iye apulumuka.

"Amayi a ku Mulanje sitinawamve," anatero wapampando, akuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Mariyamu anamukankha pang'ono. Lines anaimirira n'kugwira mpando wa kutsogolo. Anapereka ulemu kwa onse monga amachitira ku tchalitchi. Mawu oyamba anatuluka ang'onoang'ono, koma atakumbukira masamba othimbirira aja anakhazikika.

"Ine za mitengo anena kale anzangawa. Ine ndingofunsa. Lero ndaona tiyi wathu atatsala, palibe womufuna, ndipo andionetsa kuti anapsa m'matumba. Ife timatchola m'mamawa, masamba ali bwinobwino. Timakhala pa shedi kudikira thirakitala mpaka dzuwa kupendeka. Ikafika, akuti masamba apsa, tayani. Ndiye m'malamulo mwawerengamo sindinamve za nthawi. Kodi masamba akapsa podikira, apsera ndani? Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndatsekula ine."

Anakhala pansi msangamsanga. Anamva anthu akuomba m'manja ngati ali kutali.

Anaimirira kuyankha anali a Bonface, amanijala a fakitale yawo, bambo wamfupi wa dazi amene Lines ankangowaonera m'galimoto. Sanakwiye.

"Mayiwa anena zoona," anatero. "Thirakitala imachedwa. Koma mayi, mukudziwa kuti chiolokero cha pamtsinje wa kumunsi kwanu chinapita ndi namondwe Freddy. Kuyambira pamenepo thirakitala imazungulira kumtunda, ndipo shedi yanu imakhala yomaliza. Ndiponso ndinene, poti tabwera kudzanena zoona. Alimi ena amapondera masamba m'thumba ndi mapazi kuti alowe ambiri. Ena amawaza madzi kuti alemere pa sikelo. Masamba otere amapsa ngakhale thirakitala itafika msanga. Ndikunama, mayi?"

Anthu onse anatembenukira kwa Lines. Kingstone anamuyang'ana ndi diso lomuuza kuti akane. Lines anaimiriranso theka.

"Simukunama, bwana. Zimachitika."

M'holo munamveka kuseka, kwa alimi ndi kwa akuluakulu komwe. Wapampando analemba kanthu, kenako anati nkhani ziwirizo zonse zikalowa m'malamulo: fakitale izilonjeza nthawi yotengera masamba ndipo ikachedwa isamabweze mlimi, mlimi naye akapezeka atapondera kapena kuthira madzi azibwezedwa popanda kudandaula. Anachenjeza kuti malamulo ali ndi njira yaitali, akadutse m'maofesi ambiri, choncho asayembekezere kuti mawa zisintha.

Potuluka, Lines akufunafuna Mariyamu pakhomo, a Bonface anamupeza.

"Mayi Namakhwa, chiolokero chija tikadikira a misewu tidikira mpaka liti? Ife mapaipi a simenti tikhoza kupeza, ndi simenti yomwe. Chotivuta ndi anthu ndi miyala. Miyala muli nayo?"

"Miyala, bwana?" Lines anawayang'ana modabwa. "Ife timagona pansi pa phiri."

A Bonface anaseka mpaka anapukuta dazi ndi kampango. Anagwirizana kuti Lines akafunse anzake.

Anabwerera kudzera ku Thyolo ndi pa Chonde, ndipo anafika kunyumba dzuwa likulowa. Mbuzi zinali zikadali panja. A Elson anawapeza pakhonde atagona chafufumimba pamphasa, zala zitatupa, zitadetsedwa ndi utomoni wa masamba.

"Odi kuno! Kodi odwala alipo?"

"Musaseke, mayi a Tiyamike. Msana uwu si wanga."

"Mwatchola?"

"Ndatchola. Mizere yonse ya kumunsi." Anatembenuka movutikira. "Koma kalaliki uja ndi wamwano. Wakhuthula dengu langa pansi, pamaso pa azimayi onse, akuti ndasakaniza makalamba. Ine! Ndakhala pansi n'kumasankha limodzilimodzi, a Joice akundithandiza uku akundiimba nyimbo."

"Ndiye woloza ndi ndodo uja?"

"Ndodo ilibe msana," anayankha a Elson, ndipo anayamba kuseka okha, kuseka kosakanikirana ndi kubuula.

Lines anatsekera mbuzi, anatenthetsa madzi, n'kuyamba kuwathowa msana ndi kansalu. Ali mkati mothowa anawafotokozera zonse mwa dongosolo lake, kuyambira zitumbuwa za pa Nkando. Atafika poti ku okushoni kulibe tiyi, a Elson anadzutsa mutu.

"Kulibe?"

"Ngakhale tsamba limodzi."

A Elson anagonekanso mutu pamphasa. "Eya, n'zimene ndinkanena zija. Malonda a masiku ano ndi a m'mapepala."

Lines anangofinya kansalu n'kupitiriza.

Pa shedi, tsiku lofotokozera gulu, zinthu sizinayende mosalala. Kingstone ananena za mtengo, kuti akaukambirana, ndipo anthu anang'ung'udza chifukwa ankayembekezera kumva kuti wakwera. Lines atanena za tiyi wotsala uja ndi za kupondera masamba, bambo wina anakuwa kuti anamutuma kukawanenera, osati kukawaneneza. Amayi ena anayang'ana pansi. Lines sanabweze mokalipa. Anangofotokoza mtundu wa masamba a m'makapu awiri aja, ndi fungo lake, ndi mmene chipinda chinakhalira zii dzina la fakitale yawo litatchulidwa. A Joice anati, "Si ndinanena? Mukanafuna zokoma mukanatuma wina." Anthu anaseka, mkwiyo unaphwa, ndipo nkhani ya miyala inavomerezedwa tsiku lomwelo.

Anadikira mvula ithe ndi madzi achepe mumtsinje. Nthawi ya chisanu, tiyi atadulidwa ndipo ntchito ya m'munda itachepa, gulu lonse linatsikira kuchiolokero. Amayi ankatuta miyala pamutu kuchokera m'mphepete mwa phiri, abambo ankaswa ndi kuyala, fakitale inabweretsa mapaipi ndi amisiri awiri. A Elson anagawa anthu m'magulu, kuti awa atute m'mawa, awa masana, ndipo mawu awo ankamveka kutsidya. Panali mikangano ya apa ndi apo, ena ankabwera mochedwa, ena ankathawa kukagulitsa nanazi pamsewu, koma ntchito inkasuntha. Mariyamu ankabwera pa njinga yamoto ya ku ofesi kudzaona, ndipo akafunsidwa za malamulo aja ankati adakali ku Lilongwe, akuyenda ngati bilimankhwe, koma sanafe. Anatinso bodiyo ikadzakhazikitsidwa mudzakhala mipando ya alimi ang'onoang'ono, ndipo ananena zimenezi akuyang'ana Lines. Lines anayang'ana kumbali n'kusenza mwala wina.

Mvula yotsatira itagwa, tiyi anaphuka mwamphamvu, minda yonse inasanduka yobiriwira mowala. Tsiku loyamba lotchola Lines anafika pa shedi ndi dengu lodzaza, anayala masamba ake pamthunzi mosapanikiza, n'kumasula kampango kamene anakulungamo chinangwa chophika choti adye podikira. Asanalume n'komwe, kunamveka kulira kwa injini kuchokera kumunsi, kumtsinje. Amayi anaimirira. Thirakitala inatulukira pakona, matayala ali ndi matope a pachiolokero chatsopano, dalaivala akuimba hutala ngati wanyamula mkwatibwi. Nthungululu zinamveka mpaka kuminda ya kumtunda.

Kalaliki anapisa dzanja m'masamba a Lines. Anali ozizira. Anayeza, anakweza, thirakitala inapita, ndipo dzuwa linali lisanafike pamutu.

Amayi anatsala ataima pa shedi, akuyang'anana. Kwa zaka zingapo masana awo onse ankathera pamenepo, ndipo tsopano sankadziwa kuti apite nawo kuti. Wina anati akachapa. Wina anati akabzala mbatata. A Joice anati iwo akagona, aliyense asawadzutse.

Lines anakwera kunyumba pang'onopang'ono, dengu lopanda kanthu likugunda kumsana. Anasamba, anavala diresi la maluwa, n'kutuluka akumanga chitenje.

"Ulendo wa kuti dzuwa lino?" anafunsa a Elson ali kukhola.

"Pa Chitakale. Ndikalukitse tsitsi."

"Pakati pa sabata?"

"Pakati pa sabata."

A Elson anapukuta manja pa buluku, anayang'ana kumwamba kuona ngati mvula ili pafupi, kenako anati awadikire atenge njinga, amuperekeze, akagulenso mankhwala a mbuzi. Anatsika limodzi njira ya pakati pa minda, Lines atakhala pa kaliyala chammbali, akuwakalipira kuti agwire mabuleki potsetsereka.